Mabolodi a sitandi yachionetsero: zimene shopu ina yosindikiza ya m'Chipata imakhoza ndi pamene imaperewera

Kuyambira mwezi wa Juni mpaka kumapeto kwa Ogasiti mashopu osindikiza a m'Chipata sapuma, chifukwa iyi ndiyo nyengo imene zionetsero za ulimi ndi malonda zimatsatizana, kuyambira za m'maboma ndi cha chigawo, kudzafika pa Trade Fair ya ku Ndola ndi chionetsero chachikulu cha ku Lusaka chimene chimatha pa tsiku la alimi, Lolemba loyamba la Ogasiti, kenako mwambo wa Kulamba ku Mkaika m'boma la Katete, kumene makampani ndi mabungwe amakamanganso masitandi awo. Ambiri olowa m'mashopu amenewa amafika ndi funso limodzi lokha, la mtengo wa mita imodzi, ndipo amatuluka atasindikiza pa chinthu chotsika mtengo koposa, osadziwa ngati chidzapirira mphepo, dzuwa ndi msewu. Ndemanga iyi ikunena za shopu imodzi ya pakati pa tauni imene inasindikizira kopaletivu yathu, yoyenga mafuta a mpendadzuwa ndi kupera chiponde cha nshawa, zonse zofunika pa sitandi ya mamita 3 mbali zonse. Dzina lake sinditchula, pakuti ndinena zabwino zake pamodzi ndi zofooka zake ndipo sindikuitsatsira malonda. Ndi shopu yoyenera kupitako kwa munthu wofuna mabolodi olimba ndi malangizo oona pa chosindikizirapo, koma imafuna kuiyang'anira pa nkhani ya mitundu ndi pa tsiku lotenga katundu.

Choyamba kudziwa ndi makina amene ali m'shopuyo, chifukwa ndiwo amalamula zimene zingatheke. Ali ndi makina amodzi osindikiza pa mpukutu, otambalala mamita 1.6, a inki ya eco-solvent, ndiponso makina okutira lamination, pulasitiki yoonekera yoteteza chosindikizidwa, ndi tebulo lalikulu lodulirapo. Makina a UV osindikiza mwachindunji pa bolodi alibe, ndipo osindikiza pa nsalu alibenso. Choncho chilichonse chimene amachitcha bolodi losindikizidwa ndi sitika ya vinyl imene yasindikizidwa payokha, kenako n'kumatidwa ndi manja pa bolodi loyera. Palibe choipa pamenepa, ndipo ntchito yomatidwa ndi manja odziwa imaoneka bwino kwambiri, koma wogula adziwe kuti akulipira zinthu zitatu nthawi imodzi, bolodi, sitika ndi chokutira, ndipo chilichonse mwa zitatuzi chili ndi chapamwamba chake ndi chachabechabe chake. Mtengo wa mita imodzi wotchulidwa pakamwa sunena kuti mwapatsidwa chiti, ndipo n'chifukwa chake mashopu awiri oyandikana akhoza kusiyana mitengo kwambiri pa ntchito yooneka yofanana pa tsiku loitenga.

Chimene chinandikopa n'chakuti mkulu woyendetsa makinawo sanathamangire kunditchulira mtengo. Anati, "Amayi, za ndalama tikamba pambuyo, koma mundiuze kaye ngati zinthuzi zidzaima panja kapena m'holo, zidzakwera motoka yanji, ndiponso ngati n'za chaka chino chokha kapena mufuna kuti zidzaonenso chionetsero cha chaka chamawa." Atamva kuti tidzayamba ndi sitandi ya panja kuno kenako n'kupita ku Lusaka, anafunsanso chimene tidzamangirirepo, kaya ndi felemu yachitsulo, milimo ya bulugama kapena makoma obwereka a m'holo. Mafunso amenewa ndiwo theka la ntchito ya wosindikiza, ndipo mashopu ambiri sawafunsa, mwina chifukwa kasitomala amene anasankha yekha molakwika alibe pakamwa podzadandaulira. Kenako anatulutsa tizidutswa totsala ta chinthu chilichonse, n'kundipatsa kuti ndipinde, ndikande ndi chikhadabo ndi kukationa panja padzuwa. Aliyense wopita kumeneko apemphe zomwezo, popeza pa pepala la mitengo zinthuzi zimaoneka zofanana koma m'manja zimasiyana kutali.

Banner ya PVC, imene aliyense amaitcha flex, ndiyo yotsika mtengo koposa ndipo ndiyo imene shopuyi imagulitsa kwambiri. Kulemera kwake kumayezedwa ndi magalamu pa sikweya mita, ndipo iwo amasunga ya 440, yokwanira bwino pa chikwangwani chachikulu cha pamwamba pa sitandi chimene anthu amawerenga ali patali. Ntchito yawo pa flex ndi yaukhondo: m'mphepete amapinda n'kumata, amakhoma timphete tachitsulo pa masentimita 50 alionse, ndipo m'makona amaonjezera chigamba kuti timpheteto tisazuke. Komabe flex si yopangira makoma amene alendo adzaima nawo pafupi, chifukwa ulusi wa m'kati mwake umaonekera pa nkhope za anthu ndi pa zilembo zing'onozing'ono, imakhwinyata ikapanda kukokedwa mofanana mbali zonse, ndipo ikangopindidwa kamodzi mzere wake sutha, choncho iyenera kukulungidwa pa paipi. Vuto lake lalikulu ndi mphepo. Mu Julayi ndi Ogasiti mwera umaomba tsiku lonse, kamvulumvulu amadutsa pabwalo atanyamula fumbi ndi mapepala, ndipo flex yotambalala mamita 3 imagwira mphepo yonseyo mpaka kuzula milimo kapena kung'ambika pa timphete. Pa mbali yoyang'ana kumphepo anatiuza kuti titenge mesh, banner yoboolaboola imene pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu ndi timabowo todutsa mpweya. Mesh inaima bwino osagwedeza felemu, ngakhale kuti mitundu yake imaoneka yotuwa pang'ono ndipo nambala ya foni yolembedwa ndi zilembo zochepa siwerengeka, makamaka dzuwa likakhala kumbuyo kwake. Ubwino wina wa flex, umene osindikiza sautchula koma mlimi aliyense amaudziwa, ndi wakuti ikatha ntchito imakayanikira chimanga ndi nshawa kumudzi.

Pa mabolodi, shopuyi imasunga a mitundu itatu, ndipo awiri mwa iwo ndiwadutsa mwachangu. Correx ndi pulasitiki yopepuka yokhala ndi timipata toyenda m'litali mwake, ndipo ndi yabwino pa timivi tolozera njira, pa mayina a mbewu m'minda yachitsanzo ndi pa mitengo ya katundu imene imasintha pafupipafupi. Pa khoma la sitandi sindingailimbikitse, chifukwa mizere ya timipata imaonekera pansi pa sitika, imathyokera m'mizere yomweyo ikangopanikizika, ndipo fumbi likalowa m'timipatamo silitulukanso. Bolodi la ACP, lopangidwa ndi timapepala tiwiri ta aluminiyamu tokhala ndi pulasitiki pakati, lili kumbali inayo: silipindika, silichita dzimbiri, limakhala zaka panja, koma lathunthu la mamilimita 3 limalemera pafupifupi makilogalamu 11, m'mphepete mwake mumacheka zala, ndipo mtengo wake ndi wokwera kwambiri. Ndi la chikwangwani chokhazikika cha pakhomo pa fakitale kapena cha kampani imene ili ndi nyumba yakeyake pabwalo la chionetsero. Mkulu uja anatiletsa yekha kuligula, ngakhale kuti akanapezapo phindu lochuluka, ndipo zimenezo zinandipatsa chifukwa chokhulupirira malangizo ake ena.

Pakati pa awiriwa pali bolodi la PVC lopepuka limene m'mashopu onse limangotchedwa Forex, ngakhale kuti limachokera ku mafakitale osiyanasiyana ndipo kulimba kwake sikufanana. Ili ndilo loyenera anthu ambiri a kuno, ndipo ndi pamene shopuyi imaonetsa luso lake. Ndi losalala, moti sitika imagona bwino popanda mizere, silimwa madzi, limadulika ndi mpeni wakuthwa, ndipo likhoza kubooledwa n'kumangidwa ndi masikuluu kapena timalamba ta pulasitiki. Kuliyesa n'kosavuta: dinani ndi chikhadabo m'mphepete modulidwa, ndipo ngati chikulowa mosavuta ndiye kuti ndi lofewa, limene makona ake adzaphwanyika pa ulendo woyamba. La m'shopu imeneyi linali lolimba ndithu. Funso lalikulu ndi la kuchindikala, pakati pa mamilimita 3 ndi 5, ndipo apa m'pamene anthu ambiri amataya ndalama akuganiza kuti akupulumutsa. La mamilimita 3 ndi loyenera pokhapokha ngati lidzatsamira khoma lolimba kumbuyo kwake, koma likaima lokha m'felemu, logwiridwa m'makona mokha, limawerama, ndipo dzuwa la masana likaliomba limapindika ngati lichero. Chifukwa chake n'chakuti PVC imafutukuka ikatenthedwa, ndipo bolodi losindikizidwa ndi mitundu yoderapo limamwa kutentha kochuluka kuposa loyera, moti mbali ya kudzuwa imafutukuka msanga kuposa ya kumbuyo. Khoma lathu lakumbuyo linali lobiriwira moderapo, ndipo mkuluyo analangiza kuti titenge la mamilimita 5, ndiponso kuti mabowo akhale okulirapo kuposa masikuluu, osamanga mothina kwambiri, kuti bolodilo lipeze poyendera likatenthedwa. Tinatsatira zonsezo, ndipo mabolodiwo anamaliza chionetsero ali chilili, pamene opyapyala a m'masitandi ena oyandikana nafe anali atachita mafunde chionetserocho chisanafike pakati.

Bolodi lathunthu limabwera lotalika mamilimita 2440 ndi lotambalala mamilimita 1220, ndipo aliyense wokonza sitandi ayenera kuyamba ndi manambala amenewa, chifukwa wopempha bolodi la mamita 1.5 mbali zonse adzalumikiziridwa zidutswa ziwiri ndi kulipiritsidwa mabolodi awiri, zotsala n'kukhala za shopu. Kumeneko anatiwerengera zonsezi pa pepala mosabisa, ndipo zidutswa zotsala anatipangira timabolodi ta patebulo. Anatiuzanso kudula bolodi lililonse patatu, zidutswa za pafupifupi masentimita 81 kwa 122, kuti zilowe kumbuyo kwa motoka yaing'ono kapena m'buti ya basi. Malangizo amenewa ndi a munthu wodziwa msewu wa Great East, pakuti kuchoka kuno kukafika ku Lusaka ndi makilomita oposa 550, kudutsa m'mapiri ndi m'makona otsikira ku mlatho wa Luangwa, ndipo bolodi lathunthu lomangidwa pamwamba pa katundu wa lole, lofundidwa tenti padzuwa ndi lofinyidwa ndi zingwe, limafika lopindika ndi lodyeka m'mbali. Kudula kotere kumafuna kuti chithunzi chikonzedwe moganizira polumikizira, kuti mzere usadutse pa nkhope ya munthu kapena pakati pa liwu, ndipo mnyamata wawo wa pa kompyuta anasuntha zithunzi ndi mawu mwaluso popanda kutilipiritsa ndalama zina.

Kumene chidziwitso chawo chimachepa ndi pa masitandi a m'maholo. Ku Lusaka, m'malo ochitira misonkhano monga Mulungushi International Conference Centre ndi ena, masitandi ambiri ndi a makoma obwereka a mtundu wa Octanorm, omangidwa ndi mizati ya aluminiyamu yotalikirana mita 1 ndi yotalika mamita 2.5, pakati pake pali mabolodi oyera. Malo ooneka a bolodi lililonse amachepa ndi masentimita angapo m'lifupi ndi m'litali chifukwa mizati ndi mipiringidzo imadya malo, ndipo miyeso imeneyi siifanana kwa eni makoma onse. Titapempha masitika oonjezera a makoma otere, shopuyi inali yokonzeka kudula pa mita 1 yathunthu, ndipo zinatengera ife kuimbira okonza chionetsero kuti atitumizire miyeso yeniyeni. Eni makoma amenewa salola misomali kapena masikuluu, choncho chimene chimagwira ntchito ndi bolodi la mamilimita 3 lomatidwa ndi Velcro, timalamba togwirana tokha tomatuka mosavuta, kapena tepi yomata mbali ziwiri, kapenanso sitika ya guluu wosavuta kumatula, imene shopuyi siisunga ndipo imaitanitsa pokhapokha mutapempha nthawi ikadalipo. Womata sitika wamba pa khoma lobwereka akhoza kulipiritsidwa khomalo likaonongeka pomatula. Zidutswa zathu za masentimita 81 zinalowa bwino pakati pa mizati, titazikoloweka ndi tingowe ku mpiringidzo wa pamwamba.

Sitika nayonso ili ndi kusiyana kumene sikuoneka ndi maso pa tsiku loyamba. Yotsika mtengo, ya monomeric, imafota pang'onopang'ono ikakhala padzuwa, n'kusiya kamzere ka guluu m'mphepete kamene fumbi limakakamira mpaka kuda, pamene ya polymeric imakhala zaka zambiri isanafote. Shopuyi imagwiritsa ntchito yoyambayo ngati simunanene kanthu, ndipo pa mabolodi oima masiku ochepa pachaka n'kusungidwa m'nyumba ndikuona kuti ndi yokwanira, palibe chifukwa cholipirira yodulayo. Chimene sindingalole kuchisiya ndi lamination, ndipo ikhale ya matt, yosanyezimira. Ambiri amasankha yonyezimira chifukwa m'shopu imaoneka yokongola ndipo mitundu imawala, koma padzuwa ndi pansi pa malaiti a m'holo imathobwa m'maso, ndipo mlendo akajambula ndi foni pamaoneka chigamba choyera pomwe panayenera kukhala dzina la bungwe lanu. Masiku ano zithunzi zoyenda pa Facebook ndi pa WhatsApp zimaonedwa ndi anthu amene sanapondeko pabwalo, ndipo n'zomvetsa chisoni kulipira bolodi limene siliwerengeka pa chithunzi. Ya matt imaziziritsa mitundu pang'ono, yakuda n'kuoneka yotuwirapo, koma imawerengeka munthu ataima mbali iliyonse. Imatetezanso inki, chifukwa fumbi lofiira la pabwalo limafuna kupukutidwa m'mawa uliwonse ndi kansalu konyowa, ndipo pa sitandi yonga yathu, pamene ana amalawa chiponde n'kugwira chilichonse chimene ali nacho pafupi, sitika yosakutidwa ikanatha ndi kupukuta kokha.

Pa lamination pomwepa m'pamene ndinakumana ndi chofooka chawo choyamba. Inki ya eco-solvent imaoneka youma ikangotuluka m'makina, koma madzi ake osungunulira amapitiriza kutuluka ngati mpweya, ndipo sitikayo iyenera kusiyidwa yotambasula kapena yokulungidwa motayirira kwa maola osachepera 24 isanakutidwe. Ikakutidwa msanga, mpweyawo umatsekeredwa m'kati, umafewetsa guluu, ndipo m'mphepete mumayamba kumatuka. Mabolodi athu omalizira anasindikizidwa, kukutidwa ndi kumatidwa tsiku limodzi chifukwa cha kuchuluka kwa ntchito, ndipo asanachoke n'komwe m'ofesi mwathu makona ake anali atayamba kudzuka ndipo timatuza tinaoneka pa mbali yobiriwira, pamene inki inachuluka. Titawabweza sanakangane nafe, anawakonzanso osatilipiritsa, ndipo pamenepo ndiwayamikira. Koma iwo amalidziwa bwino lamulo la maola 24, ndipo anayenera kutiuza kuti alidumpha m'malo motipatsa katundu ali chete, chifukwa wina amene akananyamuka usiku womwewo kupita ku Lusaka akanakaona vutolo ali kale pa sitandi.

Chofooka chachiwiri ndi cha mitundu. Kompyuta ndi foni zimaonetsa mitundu ndi kuwala, pamene makina amaisakaniza kuchokera ku inki zinayi, ndipo yobiriwira yowala ndi ya olenji imatuluka yozimirira poyerekeza ndi imene munaona pa sikirini. Zimenezi zimachitika kulikonse, koma shopu yosamala imasindikiza kaye kachidutswa koyesera, ndipo iyi siichita zimenezo pokhapokha mutapempha. Pa kachidutswa kathu, mafuta a m'botolo amene ndi achikasu choyera anatuluka obiriwirira, maonekedwe amene wogulitsa mafuta ophikira sangawalole, chifukwa mayi aliyense wodutsa angaganize kuti mafutawo sanasefedwe. Anakonza titawasonyeza botolo lenileni, koma zikanakhala kuti sitinapemphe kuyesa, khoma lonse likanatuluka choncho. Kachidutswa koyesera kasindikizidwe pa sitika yomweyo, kakutidwe ndi lamination yomweyo, ndipo mukakaonere panja, osati pansi pa laiti ya m'shopu. Mabolodi amene adzaima mogundana asindikizidwe nthawi imodzi, chifukwa osindikizidwa masiku osiyana akhoza kusiyana pang'ono, ndipo kusiyanako kumaonekera kwambiri polumikizira. Muyang'anenso timizere topingasa pa mitundu yoderapo, tomwe timabwera timabowo totulutsa inki tikatsekeka kapena makina akathamangitsidwa, ndipo mukationa muwauze ayeretse makinawo ndi kusindikiza pang'onopang'ono. Chipata ali pamtunda woposa mamita 1,000 kuchokera pa nyanja yamchere ndipo dzuwa lake ndi lamphamvu ngakhale m'nyengo yozizira, choncho chikasu ndi chofiira zimasuluka msanga pa bolodi losiyidwa panja chionetsero chitatha. Mabolodi asungidwe m'nyumba, ogonekedwa pansi posalala, zithunzi zitayang'anizana ndi pepala pakati, osati otsamiritsidwa kukhoma kumene amawerama pang'onopang'ono.

Zina zimene zimaononga ntchito zimachokera kwa ife eni ake, ndipo shopuyi imasindikiza chimene yapatsidwa osafunsa. Chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp mwachizolowezi chimafinyidwa, ndipo chikakulitsidwa kufika pa mita imodzi chimaoneka cha timabokosi, choncho chitumizidwe ngati document kapena chipite pa fulashi. Pa bolodi loonedwa munthu ataima mita 1 kapena 2, chithunzi cha 100 mpaka 150 dpi (timadontho pa inchi iliyonse) pa kukula kwake kwenikweni ndi chokwanira, ndipo chizindikiro cha bungwe chiperekedwe m'fayilo ya vector imene imakula osaphwanyika, osati chojambulidwa pa kalata yakale. Musiye mamilimita 5 oonjezera m'mbali zonse odzadulapo. Lamulo limene olemba zikwangwani amatsatira ndi lakuti chilembo chitalike pafupifupi masentimita 2.5 pa mamita 3 alionse amene wowerenga adzatalikira, ndipo aliyense woliwerengera bwino adzaona kuti mbiri yonse ya kopaletivu singakwane pa bolodi ndipo malo ake ndi pa kapepala kogawa. Kalembedwe ka mawu a m'shopuyi sayang'ana konse, ndipo zilembo zina zokongoletsedwa za pa kompyuta zilibe ŵ, moti pamalo pake pamatuluka kabokosi, pamene kachizindikiro ka mu ng'ombe nthawi zina kamasoweratu, choncho muwerenge liwu lililonse pa sikirini yawo musanavomereze.

Roll-up banner, ija ya masentimita 85 kwa 200 yotuluka m'kabokosi ka aluminiyamu, imagulidwa mopitirira muyezo kuno, mwina chifukwa imaoneka yaulemu ndipo imalowa m'thumba lake. M'holo ndi m'misonkhano ndi yothandizadi, koma panja mu Ogasiti imagwa kawirikawiri mpaka kandodo kake kupindika, ndipo mudzaona anthu akuitsindira ndi njerwa. Shopuyi imagulitsa tsinde lopepuka la mtengo wotsika, limene sindinalikonde, ndipo ngati simunanene kanthu imasindikiza pa flex wamba, imene m'mbali mwake mumapiringizika pakapita nthawi yochepa. Pemphani pulasitiki ya PET yotuwa kumbuyo, imene imaima mowongoka ndipo siilola kuwala kuonetsa mthunzi wa ndodo. Musalembepo mitengo ya katundu kapena chaka, kuti idzagwirenso ntchito.

Nsalu ndiyo imene ndikanakonda akanakhala nayo. Polyester imasindikizidwa ndi makina otenthetsa kufika pa madigiri pafupifupi 200, inki n'kulowa mu ulusi weniweniwo, moti nsaluyo imapindidwa, imachapidwa, siinyezimira pa chithunzi, ndipo khoma lonse la mamita 3 limalowa m'chikwama cha m'manja. Kwa bungwe limene anthu ake amayenda pa basi kupita ku Lusaka, Ndola kapena Lilongwe, palibe chinthu china chopepuka chotero. Shopuyi imalandira ntchito ya nsalu koma imaitumiza ku Lusaka, zimene zimaonjezera masiku ndi mtengo, ndipo kachidutswa koyesera simungakaone. Ife tinangosindikizitsa nsalu ya patebulo, imene inabwera yabwino. Makoma a nsalu amafuna felemu yawoyawo yokokera kuti asakhwinyate, ndipo pabwalo la fumbi nsalu yoyera imasanduka yofiirira dzuwa lisanalowe, choncho ndi ya m'holo.

Pa kusunga nthawi, shopuyi imalonjeza mosavuta. Makina ndi amodzi, ntchito za m'nyengo ya zionetsero ndi zambiri, ndipo kuzima kwa malaiti, kumene kunafika poipa mu 2024 pamene chilala chinachepetsa madzi opangira magetsi ku Kariba, kumaimitsa zonse, chifukwa makina akazima pakati pa chithunzi chidutswa chimenecho chatayika ndipo amayambiranso. Ali ndi jenereta, koma sayendetsa makina onse nthawi imodzi. Tsiku limene anatiuza linadutsa, ndipo sanatiimbire mpaka titaimba tokha. Wanzeru apereke ntchito masabata awiri chionetsero chisanayambe ndi kutchula tsiku lotenga lotsogolako kuposa limene akufunadi. Amafuna theka la ndalama poyamba, amalandira za pa foni, ndipo amapereka lisiti, koma pa lisitilo amangolemba kuti mabolodi ndi banner, choncho muumirire kuti alembe kuchindikala kwa bolodi, kulemera kwa flex, mtundu wa sitika ndi wa lamination, chifukwa pepala limenelo ndilo mboni yanu ngati katundu atabwera wosiyana ndi amene munagwirizana. Kulongedza kwawo n'kochepa, amangokulunga ndi pulasitiki yopyapyala, ndipo makatoni otetezera makona mubweretse nokha. Kukamanga pa sitandi sachita, koma amakulozerani wowotcherera zitsulo amene amapanga mafelemu molingana ndi miyeso yawo.

Kopaletivu, sukulu, mpingo kapena kampani yaing'ono imene imaonetsa katundu panja ndipo ikufuna mabolodi ogwira ntchito zaka zingapo ipindula ndi shopuyi, ikatenga Forex ya mamilimita 5 yokutidwa matt pa makoma, mesh kumbali ya mphepo, flex pa chikwangwani cha pamwamba ndi Correx pa mitengo ya katundu. Wofuna makoma a nsalu kapena amene mitundu ya chizindikiro chake siiloledwa kusintha ngakhale pang'ono achita bwino kusindikiza ku Lusaka, kumene angaime pafupi ndi makina. Kwa okonzekera mwambo wa Nc'wala ku Mtenguleni kumapeto kwa Febuluwale, adani ndi mvula ndi matope osati fumbi, ndipo kusankha kumasintha pang'ono: nsalu isiyidwe, mabolodi akwezedwe masentimita 30 kuchokera pansi kuti matope asawathimbirire, ndipo sitika ipindiridwe kumbuyo kwa bolodi m'malo moidula m'mphepete, kuti madzi asalowe pansi pake. Kupindira kotere shopuyi imachita bwino, koma pokhapokha mutapempha, ndipo imaonjezerapo ndalama pang'ono pa bolodi lililonse.